Mvula Ikakana, Walakwa Ndani?

Kwathu kuno kumapiri a Dedza mvula ikachedwa, anthu safulumira kufunsa kuti ibwera liti. Funso limene limayamba kuyenda pachitsime, kuchigayo ndi pamaliro ndi lakuti talakwanji. Mitima ikawawa kwambiri funsolo limasanduka lakuti walakwa ndani. Ndidakula ndikulimva, ndipo nditalowa ntchito ya kafukufuku wa zanyengo ndidapeza kuti m'maphunziro athu mulibe malo ake. Kusukulu tidaphunzira kuti mvula ya dzinja imadza pamene mphepo yachinyezi yochokera ku nkhalango za Congo ikumana ndi ina yochokera kunyanja ya Indian, chinyezicho n'kukwera m'mwamba, n'kuzizira, n'kugwa. Mmenemo mulibe wolakwa. Komabe funso la makolo lija silidafe, ndipo malo amene ndidalimva likufunsidwa mwamphamvu koposa ndi pamsonkhano wa akatswiri a sayansi, kunja kwa dziko lino.

Makolo athu sadali osokonezeka pofunsa chotero. Ku Msinja, kufupi ndi mapiri a Dzalanyama, kudali kachisi wamkulu wa Chisumphi, ndipo mwini wake adali Makewana, mayi wa Abanda amene tsitsi lake silinkametedwa poopa kudula mvula. Chilala chikavuta, mafumu ankatumiza nthumwi zitanyamula nsalu yakuda kapena mbuzi yakuda. Koma nsembe isanathiridwe pankayamba kufunsana: kodi pali magazi amene adakhetsedwa osapepesa, pali amene wagwetsa mitengo ya kumsitu wa mizimu, pali mafumu amene sakumwerana madzi? Bambo Matthew Schoffeleers, amene adafufuza za Mbona ku Nsanje kwa zaka zambiri, adaonetsa kuti akachisi a mvula adali malo amene ngakhale wolamula dziko ankadzudzulidwako. Pano pa Chongoni, m'mapanga a Chencherere, Namzeze ndi Mphunzi, muli zojambula zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zimene UNESCO idaziika m'kaundula wake mu 2006. Zojambula za Achewazo zimakhudza chinamwali, maliro ndi kupempha mvula. Kwa iwo khalidwe la anthu pansi ndi khalidwe la mitambo kumwamba sizinkasiyanitsidwa.

Mu Okotobala 2023 ndidapita ku Kigali, ku Rwanda, kumsonkhano waukulu wa World Climate Research Programme, umene udachitika kuyambira pa 23 mpaka pa 27. Kigali ndi mzinda wa pamapiri, wokwera pafupifupi ngati boma la Dedza, ndipo mphepo ya m'mawa idali yodziwika m'thupi mwanga. Kusiyana kudali kwakuti kumeneko mvula inkagwa madzulo, pamene kwathu ndidasiya fumbi ndi lupsa, anthu akugalauza mizere ndi kudikira chizimalupsa. Ine ndidatenga chipepala chachikulu chofotokoza kafukufuku wanga wa tsiku limene mvula yobzalira imayamba kumtunda kuno, zimene ndidatola m'mabuku akale olembedwa pamanja. Amene adaima kudzawerenga ankafunsa chinthu chimodzimodzi: kodi zolembazi zayenda zaka zingati osaduka? Ndinkawaonetsa pamene paduka, miyezi imene woyeza adasamutsidwa, chaka chimene chida chidabedwa, masamba amene chiswe chidadya.

Chimene chidandigwira mtima chidali m'chipinda china, momwe ankakamba za nthambi yatsopano ya sayansi yathu, yofufuza ngati dzanja la munthu lili m'chigumula kapena m'chilala china chake. Nthambiyi idayamba mwa munthu mmodzi wovutika. Mu Januwale 2003 mtsinje wa Thames udasefukira ku Oxford, madzi n'kuyandikira nyumba ya katswiri wina dzina lake Myles Allen. Iye adalemba m'magazini ya Nature kufunsa ngati tsiku lina kudzatheke kuimba mlandu amene adaononga nyengo. Chaka chotsatira, iye pamodzi ndi Peter Stott ndi Daithi Stone adaonetsa kuti mpweya wotuluka m'mafakitale ndi m'magalimoto udachulukitsa kawiri kapena kuposa mwayi wa kutentha koopsa kumene kudapha anthu zikwi zambiri ku Ulaya mu 2003. Njira yake njosavuta kuimva. M'kompyuta amaumba maiko awiri. Lina ndi lino limene tikukhalamo, lokhala ndi mpweya wa kaboni wokwana pafupifupi magawo 420 pa miliyoni. Linalo ndi dziko limene likadakhalapo anthu akadapanda kutentha malasha ndi mafuta, la magawo 280 okha monga zidaliri mafakitale asanayambe. Akatero amawerenga kuti mvula yoopsa ngati imene yagwayo ikupezeka kangati m'dziko ili ndi kangati m'dziko ilo. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umanyamula chinyezi choonjezera pafupifupi 7 pa 100 aliyense, ndipo chimene wanyamulacho umakachitula penapake.

Ndidakhala pampando ndikuona zithunzi za manambala, koma m'makutu mwanga munkamveka mawu a agogo anga aakazi. Anthu awa, ndi makompyuta awo aakulu, ankafunsa kuti walakwa ndani. Ndipo yankho lawo lidali lakuti inde, khalidwe la anthu lafika kumitambo. Miyezi isanu ndi iwiri yokha idali itapita chichokereni namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 adagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, n'kusesa midzi ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu oposa 1,000 n'kufa kapena kusowa. Bungwe la zanyengo la dziko lonse, WMO, lidatsimikiza pambuyo pake kuti namondweyu adakhala masiku 36, kuposa wina aliyense wolembedwa m'mbiri. Sindikadatha kumva nkhani ya m'chipindamo ngati masamu chabe.

Pano pali chinthu chimodzi chimene makolo sadachione. Iwo ankakhulupirira kuti wolakwa ndi wolangidwa amakhala dera limodzi, kotero kuti mudzi ukasowa mvula cholakwa chikafunidwe m'mudzi momwemo. Manambala akunena zina. Mmalawi mmodzi amatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani ya mpweya wa kaboni pachaka, pamene munthu mmodzi wa ku America amatulutsa matani oposa 14. Africa yense safika ngakhale 4 pa 100 aliyense a mpweya umene dziko limatulutsa. Mayi wa ku Chilobwe amene adataya ana ake m'matope sadakwerepo ndege. Chilango chimagwa kutali ndi kumene kudachimwidwa, ndipo palibe mwambo wa makolo kapena phunziro la katekisimu limene lidandikonzekeretsa kumva zimenezi.

Zolemba zanga zoduka zija zidayamba kundipweteka mwanjira ina. Namondwe wa Ana atadutsa mu Januwale 2022, uja adaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mumdima ngakhale ife a kumtunda, gulu la World Weather Attribution lidafufuza mvula yake. Lidapeza kuti kusintha kwa nyengo kudaikulitsa, koma lidalephera kunena kuti ndi mlingo wanji, chifukwa zolemba zidasowa. Ku Mozambique, mwa malo oyezera 23 a m'dera lokhudzidwalo, anayi okha ndiwo adali ndi zolemba zokwanira kuyambira 1981. Ku Malawi sadapeze ngakhale amodzi oyenera kafukufukuyo. Mnzanga wina wa ku Mozambique, amene tinkamwa naye tiyi panja pa chipindacho, adati ife tili ngati munthu wopita kubwalo ndi bala looneka koma wopanda mboni. Kuyambira pamenepo ntchito ya mnyamata woyeza mvula nthawi ya 8 koloko m'mawa ndimaiona mwina. Amatsanulira madzi m'kabotolo ka mizere, amagwada kuti diso lilingane ndi madziwo, amalemba mamilimita. Tsiku limene sikudagwe kanthu ayenera kulemba 0, chifukwa malo osiyidwa opanda kanthu satiuza ngati kudali dzuwa kapena ngati woyeza adapita kumaliro. Masiku a ng'amba ndi amene amasiyidwa kwambiri, ndipo ndi omwewo amene timadzawafuna.

Nkhani ikadathera apa ikadakhala yopepuka: wolakwa wapezeka, ali kutsidya la nyanja. Koma nyengo yomweyo idandiphunzitsa kuti sizili choncho nthawi zonse. Pamene tinkakumana ku Kigali, aliyense ankadziwa kuti El Niño wayamba. WMO idalengeza zimenezi mu Julayi 2023, ndipo nthambi yathu yoona zanyengo idachenjeza alimi nthawi yobzala isanakwane. Madzi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific akatentha kuposa nthawi zonse, mitambo ya mvula imasuntha malo ake padziko lonse, ndipo kum'mwera kwa Africa nthawi zambiri kumauma. Mu Febuluwale 2024 ng'amba idafikadi. M'munda wa mayi anga kufupi ndi Bembeke chimanga chidali chitangomasula ngayaye, nthawi imene chimafuna madzi koposa. Masamba ankapindika pofika 10 koloko m'mawa, ndipo ndevu za chimanga zidauma zisanalandire mungu. Ukasenda chisononkho unkapeza njere zowerengeka, apa ndi apo. Pa 23 Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera adalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Gulu lomwe lija lidafufuzanso chilala chimenechi, ndipo mu Epulo lidanena kuti gwero lake lalikulu lidali El Niño, osati kusintha kwa nyengo. El Niño ndi wakale. Wa 1877 ndi 1878 adagwetsa njala yoopsa ku India, ku China ndi ku Brazil, galimoto isanayambe kuyenda pamsewu.

Tsono pali mvula imene ili ndi mlandu, palinso chilala chimene palibe adachiitana. Kwa ine chachiwirichi ndicho chovuta kuchilandira, ndipo ndikuona kuti n'chovuta kwa munthu aliyense. Mtima wa munthu wanjala sufuna kumva kuti palibe wolakwa. Umafuna nkhope. Ndipo nkhope imene imapezeka msanga ndi ya amene sangadziteteze. M'sabata zimenezo m'mudzi woyandikana ndi wathu mudayamba manong'onong'o akuti gogo wina wamasiye wamanga mvula. Ena ankati adamuona usiku ali ndi lichero pabwalo. Ndidachita mantha chifukwa tonse tikukumbukira za ku Neno, kumene mu Januwale 2016 okalamba anayi adaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo pambuyo pakuti mphezi idapha mtsikana. Awa ndiwo malo amene funso la makolo limasanduka mpeni. Ku Msinja funsolo linkakwera kwa amphamvu, kwa mafumu ndi eni dziko. Lero likutsikira kwa nkhalamba yopanda mwana woiteteza.

Atsibweni anga ndi mkulu wa mphakati wathu, ndipo adaitanitsa mapemphero opempha mvula Lachitatu lina madzulo, pansi pa mtengo wa mbawa kuseri kwa nyumba yawo. Asanayambe adanditengera pambali.

"Naphiri, inu mudapita kwa eni ake a nkhanizi. Tiuzeni zoona. Tipemphere kapena tingotaya nthawi?"

Ndidawauza kuti nyanja ya Pacific siizizira sabata ino, ndipo kuti ulosi ukuonetsa kuti ng'amba ipitirira ndithu. Ndidawauzanso kuti ine ndipemphera nawo, ndipo ndidapempheradi ndi mtima wonse. Ena mwa anzanga a kuntchito amaona kuti zinthu ziwirizi sizingakhale m'mutu umodzi. Ine sindiona choncho. Sindipemphera kuti ndimuuze Chauta zimene sakudziwa, kapena kuti aphwanye dongosolo la mphepo ndi nyanja chifukwa cha munda wathu, pamene mphepo yomweyo ikupereka mvula kwa mlimi wa ku Kenya. Ndimapemphera chifukwa mvula si yathu, sitiipanga, ndipo ngakhale makompyuta aakulu olosera nyengo amayamba kusokonezeka akafuna kuona kupitirira sabata ziwiri, monga katswiri Edward Lorenz adaonetsera kuti kanthu kakang'ono kosayezedwa lero kamakula n'kusintha zonse. Munthu wodziwa kuti moyo wake wapachikika pa chinthu chimene sangachilamule ali ndi chifukwa chogwada. Ndimapempheranso chifukwa pemphero la mvula, kuyambira pakachisi mpaka pa Misa, limayamba ndi kudzifufuza wekha, osati kuloza chala mnzako.

Madzulo amenewo atsibweni adasankha kuwerenga za Yobu. Abwenzi ake atatu adali ndi chiphunzitso chofanana ndi cha manong'onong'o a m'mudzi muja: tsoka likagwa ndiye kuti pali tchimo, ingovomera. Yobu adakana mpaka mapeto. Mulungu atayankha, sadamuuze Yobu cholakwa chake. Adamufunsa za matalala, za mphezi, za njira ya mvula yogwa kuchipululu kopanda munthu, ndipo amene adawakalipira ndi abwenzi aja. Yesu nayenso, atamva za anthu amene nsanja ya Siloamu idawagwera, adakana kuti iwo adali ochimwa kuposa anzawo. Chikhulupiriro changa chimandilola kunena kuti pali masoka opanda mwini. Chimandiletsanso kubisala kuseri kwa mawu amenewa pamene mwini alipo.

Pakuti ngakhale chilala chikhale chopanda wolakwa, njala siikhala yotero kawirikawiri. Amene tidaona njala ya 2002 tikukumbukira anthu akudya zitsa za nthochi ndi gaga, ndipo tikudziwa kuti mvula ya chaka chimenecho sidali yoipa kuposa ya 1992. Chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa njala isanafike. Yosefe ku Ejipito sadaletse zaka zisanu ndi ziwiri za chilala. Adamva chenjezo, adamanga nkhokwe. Ife chenjezo la El Niño tidalimva miyezi ingapo tisanabzale. Ndi angati amene adapeza mbewu yocha msanga, mapira kapena chinangwa pamtengo woti angakwanitse? Ndi madimba angati a m'mbali mwa Linthipe amene akadapulumutsa mabanja akasupe akadapanda kuuma chifukwa mapiri tawameta? Apa funso lakuti talakwanji lili pamalo pake, ndipo ena mwa mayankho ali m'manja mwathu momwe. Sindifuna kumuunjikira mlandu wotentha makala, amene amakankha njinga kuchokera kuphiri kuti ana adye. Mitengo imene wadula siidatenthetse dziko lonse. Koma idaumitsa kasupe wa m'munsi mwake, ndipo tauni imene imagula makalawo ili nawo mlanduwo limodzi naye.

Mapemphero atatha, atsibweni sadabalalitse anthu. Adatchula dzina la gogo uja poyera, n'kunena kuti aliyense wa mumphakati amene amvedwe akufalitsa nkhaniyo akayankhe kwa a nyakwawa. Adatuma amayi awiri kuti m'mawa mwake akamuone ndi kambale ka ufa, ndipo adapempha kuti amene adakali ndi chimanga chakale m'nkhokwe asachigulitse kwa mavenda mpaka tione amene agone ndi njala. Mvula sidagwe sabata imeneyo. Gogoyo adakali moyo.

Usiku umenewo tidakhala pakhonde, kukuzizira monga kumachitira kuno ngakhale m'dzinja, ndipo atsibweni adabwerera ku zimene ndidawafotokozera za Kigali.

"Za El Niño ndamva, zilibe mwini. Koma zija za anamondwe mwati zili ndi eni ake. Nanga eni akewo adabwera kubwalo? Kwathu kuno ng'ombe yako ikadya munda wa mnzako, suthawa. Umabwera, umavomera, umalipa. Mlandu suola."

Ndidawauza mmene zilili. Pa msonkhano wa ku Paris mu 2015 maiko adavomereza kuti pali zoonongeka ndi zotayika chifukwa cha kusintha kwa nyengo, koma m'chigamulo chomwecho adalembamo kuti kuvomerezaku sikupereka maziko oimbirana mlandu kapena olipitsana chipukuta misozi. Scotland idayamba yokha mu 2021, pamsonkhano wa ku Glasgow, kulonjeza ndalama za zotayikazi, ndipo zina mwa izo zidafika kuno ku Malawi. Mu 2022 ku Sharm el-Sheikh maiko adagwirizana zokhazikitsa thumba la ndalama, ndipo ku Dubai, mwezi umodzi chichokereni ife ku Kigali, adayamba kulonjeza zoponyamo. Amene amaponyamo amazitcha thandizo. Sazitcha dipo.

Atsibweni adafunsa kuti m'thumbamo mudalowa zingati. Ndidati malonjezo a ku Dubai adakwana pafupifupi madola 700 miliyoni, a maiko onse ovutika padziko lapansi. Adafunsanso kuti nanga Freddy yekha adatidyera zingati. Kafukufuku amene boma lidachita pamodzi ndi mabungwe adapeza kuti kukonzanso zimene namondwe mmodziyo adaononga m'Malawi mokha kukufunika madola 680 miliyoni.